Wonenepa Asakwere

"Werenga," anatero Jucimara, chala chili pa galasi lakumbuyo. "Werenga mokweza, amayi ako amve."

"Iwe Juci, ndi nthabwala chabe."

"Nthabwala siluma pakamwa. Werenga."

Cleiton, mwamuna wake, anangoyang'ana pansi, kansalu kopukutira kali m'manja. Kagalimoto kake kofiira, ka Gol kodula kumbuyo, kanali katagona pabwalo ngati mphaka wowothera dzuwa, marimu ali phuliphuli. Pa galasi panali sitika yatsopano ya zilembo zoyera.

Dona Zenaide, mayi ake a Cleiton, anatuluka m'khitchini mdzukulu ali paphewa. Anakonza magalasi awo n'kuwerenga okha, liwu limodzilimodzi: "Wonenepa asakwere, ingakhule pansi."

Panangomveka mphika wa nyemba ukuphipha pamoto.

"Anyamata onse a m'gulu lathu amata," anatero Cleiton. "Si ine ndekha."

"Anyamata onsewo sanandikwatire ine. M'nyumba muno wonenepa ndani? Mtchule."

"Sindinanene iwe."

"Ndiye ukunena amayi ako."

"Usandinamizire."

"Chibadwire mwanayu sindinakhalepo pampando uwo. Tsiku lina unati tayala laphwa. Lina unati mpando wagwedera, mpando womwe ndinakusokera ine ndi manja angawa, chikopa ndi ulusi wofiira, anzako onse n'kumabwera kudzaugwira. Ine n'kumakwera basi mwana ali m'manja, kumati mwamuna wanga ali ndi mavuto a galimoto. Osadziwa kuti vuto lake ndine."

"Sukumvetsa. Galimotoyi ndaitsitsanso. Pansi patsala mpata wa zala ziwiri basi."

"Nanga kuchionetsero?"

Cleiton anayamba kupukuta nyali imene inali yoyera kale.

Kwathu ku Cerro Manso, soya akangotha kukololedwa, magalimoto otsitsa a m'dera lonse amasonkhana pabwalo la tchalitchi. Aliyense amalowa pageti wokondedwa wake ali pampando wakutsogolo, n'kudutsa hampu yaikulu ya pamenepo anthu onse akuona. Ikakhula, watuluka mumpikisano. Ikadutsa mwakachetechete, amakaiyeza ndi rula, ndipo yotsika kuposa zonse imatenga chikho. Kuyambira ali pachibwenzi, Jucimara sanaphonyepo mpando umenewo.

"Chaka chino ndilowa ndekha," Cleiton anayankha motsitsa mawu. "Chaka chamawa, ukachepako thupi..."

"Thupi ili ndi limene lakubalira mwana."

Dona Zenaide anasinthira mwana paphewa lina. "Cleiton, mako ndi mako angachepe mwendo, ndiye angakulenso thupi. Ine ndinakunyamula m'mimbamu ukulemera ngati thumba la simenti. Miyendo inatupa, msana unkachita kulira. Unaonapo nditamata chikwangwani pamimba?"

"Amayi, musalowerere. Izi ndi za magalimoto."

"Mwana wakoyu ndi wamkazi. Adzaphunzira kuwerenga pa galasi limenelo."

Cleiton analowa m'galimoto n'kuliza injini. Anatuluka pabwalo cham'mbali, tayala limodzilimodzi, kuopa ngalande ya pakhomo. Jucimara anakayang'ana kagalimotoko mpaka kanakhota. Chomupweteka chinali chakuti ankakakondabe. Kakamadutsa pansi pa mitengo ya maluwa achikasu ya m'mbali mwa msewu, mtima wake unkadumpha ngati kale.

Mawa lake anakwera basi kupita kwa bambo ake, Seu Anacleto, amene anali ndi galaja yaing'ono kuseri kwa nyumba yawo kumapeto kwa mudzi. Anawapeza atakhala pa tayala lakale akumwa khofi.

"Mundidalitse, bambo."

"Mulungu akudalitse, mwana wanga. Wabweranso pabasi? Kachitini ka mwamuna wako kaja kadwala chiyani tsopano?"

Anawafotokozera zonse. Sanalire. Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anakhuthulira pansi khofi wotsala.

"Ndinakuuza tsiku loyamba lomwe. Munthu wokonda galimoto yodula kumbuyo amaganiza za anthu awiri, ndipo zikavuta amaganiza za mmodzi. Galimoto imafunika matako, Jucimara. Yopanda matako ili ngati tambala wozulidwa chipsepse: phokoso lambiri, ulemu ayi."

"Mumam'nyoza chifukwa amakupitirirani pamsewu."

"Andipitirire. Akakafika kumeneko akatsitsa chiyani? Mswachi?"

Jucimara anaseka koyamba chiyambire dzulo. Kenako maso ake anapita pakona ya galajayo, pamene panali chinthu chachitali chofunditsidwa lona. Anapita n'kukweza lonayo pang'ono. Panaonekera nyali imodzi yodzaza fumbi ndi utoto wobiriwira ngati tsamba la khofi. Inali Parati yakale, yaitali kumbuyo, imene mkuluyo ankagulitsira buledi m'mafamu. Galimoto zotere kwathu timazitcha nkhukundembo, dzina lomwelo limene amanyozera nalo mkazi wodzikongoletsa mopitiriza.

"Bambo, ndipatseni nkhukundembo."

"Ukusamuka? Imeneyo imanyamula bedi, kabati ndi makina ako osokera ulendo umodzi."

"Sindikusamuka. Ndikufuna ndiitsitse."

Seu Anacleto anatsamwa malovu. "Galimoto yanga? Ikwawe ngati buluzi?"

"Ikwawe mpaka udzu uigwedeze m'mimba. Ndikalowe nayo pageti la tchalitchi, ndikuyendetsa ndekha."

"Kwatsala masabata atatu."

"Mipando ndisoka ine. Inu mundiphunzitse za pansizo."

Mkuluyo anaizungulira galimotoyo kawiri, akuisisita ngati ng'ombe imene akufuna kugulitsa koma mtima ukukana. "Tikatsitsa, sitichita za mwamuna wako zootcha masipuling'i ndi moto. Sipuling'i yootcha imakhala bwino m'maso koma ilibe msana, ikangogunda kanthu imagwada. Chikomekome cha mkuyu. Ife tiika zolimba, zazifupi, za mazinga, zoti tizikweza ndi kutsitsa ndi sipanala. Idzanyamula anthu angati?"

"Akazi anayi. Onse a thupi ngati langa."

"Anayi." Anakanda ndevu, maso akuyamba kuwala. "Ndiye anyamatawa amalakwitsa apa. Amatsitsa galimoto ili yopanda munthu, kenako n'kumada anthu. Ife tiitsitsa anthu ali m'kati. Ubwere nawo akazi akowo azidzakhalamo, ine ndili pansi ndi sipanala."

"Koma Cleiton asamve."

"Ine ndi mkamwini wanga timalankhulana za mvula basi."

Akaziwo sanavute kupeza. Rosilda ndi Gorete, akazi a anzake a Cleiton, nawonso anali atayamba kuidziwa bwino basi chifukwa cha sitika yomweyo. Rosilda anati mwana wake wamkazi wasiya kudya mpunga. Gorete anangofunsa nthawi yokumana. Wachinayi anadzipereka yekha.

"Mwana ndi wanga, manyazi ndi anga," anatero Dona Zenaide. "Ndipo pampando wakutsogolo ndikhala ine. Sindinabadwire kumbuyo."

Masana alionse, Cleiton ali kuntchito kumalo ogulitsira zipangizo za ulimi, akazi anayiwo ankakhala m'nkhukundembo zitseko za galaja zitatsekedwa, akudya chinangwa chokazinga, Seu Anacleto akufuula ali pansi kuti asagwedezeke. Akatsika, Jucimara ankalowa pansipo yekha. Anaphunzira kumanga, kumasula, ndi kudziluma lilime sipanala ikam'pweteka chala.

Lachinayi la sabata lomaliza, Cleiton anaweruka msanga. Anapeza mkazi wake ndi mayi ake akungolowa kumene pakhomo.

"Mukuchokera kuti?"

"Kumapemphero a amayi," anatero Dona Zenaide osaphethira.

"Tsiku lililonse?"

"Machimo achuluka m'mudzi muno. Ena amachita kumatidwa pa galasi."

Mayiwo analowa m'nyumba ndi mwana. Jucimara ankati adutse, koma Cleiton anam'gwira mkono n'kum'tembenuza. Pa diresi lake lachikasu, m'chiuno, panali chidindo cha dzanja, zala zisanu zakuda ndi girisi.

"Dzanja ili ndi la ndani?"

Jucimara analiyang'ana. Linali lake lomwe, anagwira m'chiuno podzuka pansi pa galimoto. Koma anaona nsanje pankhope ya mwamuna wake, ndipo anaganiza zomusiya avutike nayo.

"Ukufunsiranji? Wonenepa ali ndi womufuna?"

"Juci, usandiseweretse. Ndi makaniko wa kuti?"

"Chotsa sitika ija, ndikuuza zonse pompano."

"Sindingathe. Tinamata tonse tsiku limodzi. Ndikachotsa ine ndekha adzati mkazi wandikwera pamutu. Sindidzamwanso mowa pamtendere m'mudzi muno."

"Ndiye anzakowo akuphikire."

Cleiton anamusiya mkono. Anakhala pa boneti, chinthu chimene sankalola munthu aliyense kuchita, n'kugwira kumaso. Atalankhulanso, mawu ake anali aja a kale, a pansi pa mitengo ya maluwa achikasu.

"Ndimakukonda mmene ulilimu. Ukudziwa."

"M'nyumba. Pamsewu ayi."

"Ndi Lamlungu limodzi lokha. Chikho chija ndachisowa kangapo ndi kampata kochepa. Ndikachitenga ndidzachotsa, ndikulumbira."

"Mvera, Cleiton, chifukwa sindibwereza. Sitika imeneyo ikakalowa pageti la tchalitchi Lamlungu, ine ndi mwana sitidzagonanso m'nyumba muno. Sindikuopseza. Makina anga osokera ndatumiza kale kwa bambo."

"Ndiye alipodi wina."

"Udzamuona Lamlungu. Ndi wamtali, wobiriwira, ndipo sadandaula ndikam'khalira."

Anamusiya ali kukamwa yasa. Loweruka lake Cleiton anatenga moto n'kuotchanso masipuling'i, kagalimoto kanatsikanso pang'ono. Atamaliza anaima nthawi yaitali kumbuyo kwake. Anatokosa kona imodzi ya sitika ndi chikhadabo mpaka inadzuka. Kenako foni inalira, anali anzake, ndipo anaikanikizanso ndi chala chachikulu.

Lamlungu dzuwa linawala ngati lalipidwa. Misa itatha, bwalo la tchalitchi linadzaza utsi wa nyama yowotcha ndi nyimbo zochokera m'mabuti otsegula. Magalimoto anandanda mumsewu, ofiira, oyera, akuda, onse mimba zili pafupi ndi phula. Pageti panali mkulu wa chionetsero ndi chimkuzamawu, ndi woweruza amene ntchito yake inali kugona chafufumimba pafupi ndi hampu, khutu lili tcheru.

Cleiton anali pamzere yekhayekha. Maso ake sanali pa hampu. Ankafufuza m'khamu la anthu diresi lachikasu ndi mwamuna wamtali.

Patsogolo pake patatsala galimoto imodzi, anthu anayamba kutembenukira ku kanjira kochokera kumunda wa nzimbe. Kunatulukira Seu Anacleto wapansi, atavala malaya a ukwati, mdzukulu ali m'manja, akupatutsa anthu ndi chipewa. Pambuyo pake pankabwera chinthu chachitali chobiriwira, chonyezimira ngati chanyowa, chikuyenda pang'onopang'ono moti matayala ankaoneka ngati amira m'thupi mwake. Sichinkalira mokuwa ngati tigalimoto ta anyamata. Chinkangong'ung'udza cha m'khosi.

"Apatseni njira akuluakulu," anatero wa chimkuzamawu. "Abale, nkhukundembo ya buledi ija yauka kwa akufa."

Inalowa pamzere patsogolo penipeni pa Cleiton. Pa chiwongolero panali Jucimara, milomo yofiira, ndolo zikulendewera, chigongono chili pawindo. Pambali pake Dona Zenaide atavala chipewa cha maluwa. Kumbuyo Rosilda ndi Gorete, atakhala mwaufumu pa mipando yachikopa choyera chosokedwa ndi ulusi wobiriwira.

"Nkhukundembo yanyamula nkhukundembo zinzake," wina anakuwa m'khamumo, anthu n'kuseka. "Imeneyo ithyoka pakati."

Dona Zenaide anatulutsa mutu. "Ndakuzindikira mawu, mwana wa Dona Lurdes. Ndinakusintha matewera ine. Panalibe choti n'kunyadira."

Kuseka kunasamukira kwa wokuwayo. Jucimara sanayang'ane kumbuyo ngakhale kamodzi. Anakhotetsa chiwongolero, galimoto inapita ku hampu cham'mbali. Wina anazimitsa nyimbo. Tayala lakutsogolo la kumanja linakwera, linaima pamwamba ngati likuganiza, n'kutsika. Lakumanzere linatsatira. Kenako inafika mimba yaitali ija, pamene nkhukundembo zonse zimafera. Woweruza anakanikiza tsaya pansi, diso limodzi atatsinzina. Seu Anacleto anatseka maso a mdzukulu wake ndi chipewa, ngati kuti mwanayo ndiye ankaopa.

Sipanamveke kanthu. Matayala akumbuyo anakwera, natsika, limodzi kenako linzake.

Woweruza anadzuka, anasasa fumbi pamalaya, n'kukweza chala chachikulu. Akazi a pabwalo lonse ndiwo anayamba kukuwa, ogulitsa makeke, oimba kwaya, agogo a pamipando yapulasitiki, ena akumenya zivundikiro za mapoto. Jucimara anaimika galimoto pamthunzi, anatsika, n'kuima chilili dzanja lili padenga lake.

"Wotsatira," anatero wa chimkuzamawu. "Cleiton ndi kofiira kake. Lero ali yekha, akuti kuti kapepuke."

Cleiton anaponda mafuta maso ali kwa mkazi wake. Ankaona dzanja lija padenga lobiriwira, zala zake zili ndi mabala a sipanala, ndipo m'mutu mwake zinthu zinkagwera m'malo mwake chimodzichimodzi. Munthu amene chigwirire chiwongolero sanadutsepo ngakhale ngalande ya pakhomo pake mwachindunji, tsiku limenelo anaiwala kukhota. Anailowa hampu maso ndi maso.

Masipuling'i ootcha aja anagwada. Kunamveka kukhuluka kwa chitsulo pa simenti kumene kunapweteka mano a aliyense, kenako kuphulika kwa chibekete cha oyilo cha pansi pa injini. Kagalimoto kanakhala pa hampu ngati kamba pa chitsa, mutu m'kati mwa bwalo, kumbuyo kuli kunja. Oyilo wakuda anayamba kuyenderera.

Wa chimkuzamawu anayandikira, anasuzumira pawindo lakutsogolo, nasuzumiranso lakumbuyo. "Abale, ndithandizeni kufufuza. Wonenepa wabisala pati m'galimoto muno?"

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Anzake a Cleiton anathamangira kumbuyo kwa kagalimotoko. "Tiyeni tikankhire m'kati, tatsekereza anthu. Gwirani apo."

Cleiton anatsika ngati walumidwa ndi mavu. "Musakankhe."

"Iwe, mzere wafika kumsika."

"Ndati musakankhe!" Anaima pakati pa iwo ndi galimoto, manja atatambasula. Kenako anatembenukira kwa Jucimara, amene anali atafika pafupi ndi geti, akazi atatu aja ali pambuyo pake. "Juci, unati ikalowa pageti. Taona bwino. Sinalowe. Galasi lidakali kunja."

Jucimara anayang'ana mzati wa geti, nayang'ana galasi. Zinali zoona. Panatsala mpata wosakwana mkono.

"Ndiye fulumira," anatero. "Anzakowa ali ndi changu."

Cleiton anagwira kona ija anaitokosa dzulo n'kukoka. Sitika inang'ambika pakati, dzuwa linali litaiumitsa. Anayamba kukanda ndi zikhadabo, chilembo chimodzichimodzi. Mahutala ankalira kumbuyo, anzake ankamutchula maina, wina anati wagulitsa gulu chifukwa cha siketi. Iye sanadzutse mutu. Chikhadabo chimodzi chinathyoka, magazi anadontha pa utoto wofiira osaoneka. Seu Anacleto anam'patsa kampeni kawo. Gorete ndi Rosilda anadutsa pambali pake n'kutuluka pageti, aliyense kulunjika pa galimoto ya mwamuna wake pamzerepo, ndipo kukuwa kwa anyamata kuja kunayamba kuchepa.

Galasi litayera, Cleiton anabwerera m'mbuyo. "Tsopano kankhani."

Chikho chinapita kwa mnyamata wina wa tauni ya kutsidya kwa mtsinje, amene galimoto yake inatsika kuposa nkhukundembo ndi kampata kochepa. Jucimara anamuombera m'manja. Dzuwa litapendeka, kofiira kaja katakokeredwa kuseri kwa tchalitchi, akazi anabwerera m'malo mwawo, Seu Anacleto n'kukhala pakati pa Rosilda ndi Gorete, mdzukulu ali pamiyendo. Jucimara analiza injini.

Cleiton anafika pawindo, chala atakulunga ndi kansalu kake kopukutira, malaya ali oyilo yekhayekha.

"Mipandoyi wasoka bwino," anatero. "Kuposa yanga."

"Ndinali ndi mkwiyo. Umalimbitsa ulusi."

"Ukupita kuti? Kwa bambo kapena kunyumba?"

"Kunyumba. Makina osokera ukawatenge wekha mawa, pabasi."

Cleiton anagwedeza mutu kuvomera. Anayang'ana mipando yonse yodzaza, nayang'ananso msewu wautali wopita kwawo. "Malo alipo?"

Jucimara anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, pang'onopang'ono, ngati wogula nkhumba pamsika.

"Umalemera bwanji?"

Dona Zenaide anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka. Cleiton anadziyang'ana pamimba. "Ndanenepako masiku ano. Ikhoza kukhula."

"Kwera kubuti," anatero Jucimara, akulowetsa giya. "Iyi sikhula. Ndinaipangira anthu."